Musanalipire kosi ina, malizani kaye gemu ya bawo

Mu Novembala 2023, Sheikh Hamdan bin Mohammed adalengeza ndondomeko ya Dubai Program for Gaming 2033. Boma la Dubai likufuna kuti pofika 2033 mzinda uno ukhale umodzi mwa mizinda khumi yotsogola pa ntchito yopanga magemu, patseguke ntchito zatsopano 30,000, ndipo gawo limeneli liwonjezere madola 1 biliyoni pa chuma cha mzindawu. Mu 2024 kudabweranso viza ya nthawi yaitali ya anthu aluso pa zamagemu. Nkhanizi zidafika m'makutu mwa ana msanga kuposa mwa makolo, ndipo kuyambira pamenepo ife amene timagwira ntchito za kompyuta ku Silicon Oasis kuno timalandira funso limodzimodzi: "Ankolo, ndikufuna kumapanga magemu. Ndilembetse kosi iti?"

Yankho langa n'lakuti musalipire kaye kosi iliyonse. Zophunzirira zabwino kwambiri pa ntchito imeneyi n'zaulere, ndipo ambiri mwa inu mudaziyambapo kale katatu kapena kanayi n'kuzisiyira panjira. Chomwe chikusowa ndi chinthu chimodzi chomwe mudayamba nokha, mudavutika nacho, n'kuchimaliza mpaka munthu wosakudziwani n'kumachigwiritsa ntchito. Maganizo anga ndi oti chinthu chimenecho chikhale gemu, ndipo gemuyo ikhale ya bawo.

Nkhaniyi si yachibwana

Inu amene mudabadwira kuno, kapena mudabwera muli kumsana, Dubai ndi kwanu m'njira zambiri. Mumaidziwa kuposa Blantyre kapena Chipata. Koma kubadwira mu UAE sikupatsa mwana wa mlendo unzika. Mukukhala pa viza ya abambo kapena amayi anu. Malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2022 amalola kholo kusunga mwana wamwamuna pa viza yake mpaka atakwana zaka 25, ndi mwana wamkazi pomwe sanakwatiwe, koma m'mabanja ambiri zonsezi zikudalira kuti khololo likadali pantchito. Kontirakiti ikatha, banja lonse limayamba kuwerenga masiku.

Choncho tsiku lina aliyense wa inu adzafunika kuima payekha, kaya kuno pa viza ya ntchito yake, kaya ku Lilongwe, Lusaka, Johannesburg kapena Toronto. Nyumba ya lendi simudzainyamula, sukulu yomwe mudaphunzira simudzainyamula. Luso lokha ndi lomwe limalowa m'ndege limodzi ndi mwini wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndakhalapo m'magulu ofunsa mafunso anthu ofuna ntchito yolemba mapulogalamu. Masatifiketi a makosi a pa intaneti timawaona ochuluka, ndipo sititha nawo mphindi. Chomwe chimaimitsa aliyense m'chipindamo ndi wachinyamata amene akuti, "Ichi ndidapanga ndine, khodi yake nayi, apa padandivuta ndipo ndidathana napo motere." Munthu woteroyo timakhala naye ola lathunthu.

Zomwe zili pakhomo pathu

Silicon Oasis idakhazikitsidwa mu 2004 ngati dera la makampani a zaukadaulo. RIT Dubai, nthambi ya Rochester Institute of Technology ya ku America, yakhala kuno kuyambira 2008 ndipo imaphunzitsa zakompyuta ndi uinjiniya. Dtec, komwe makampani ongoyamba kumene amachita lendi madesiki ndi maofesi, idatsegulidwa mu 2015. Poyandikana nafe pali Academic City ndi mayunivesite ake. Ku Abu Dhabi kuli situdiyo ya Ubisoft kuyambira 2011. Komweko kulinso 42 Abu Dhabi, yomwe idatsegulidwa mu 2021 potsatira sukulu ya 42 ya ku Paris. Ku 42 kulibe fizi, kulibe aphunzitsi oima kutsogolo, ophunzira amayesana ndi kuwongolerana okha. Amalandira a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo kuti mulowe mumadutsa kaye mayeso a pafupifupi mwezi wathunthu otchedwa Piscine.

Ngati makolo angakwanitse kukulipirirani digiri, pitani, ndipo ndikulangizani kuti ikhale ya sayansi ya kompyuta kapena ya uinjiniya wa mapulogalamu, magemu abwere pamwamba pake. Koma fizi ya mayunivesite a kuno ndi yolemera, ndipo mabanja athu ambiri akulipiriranso ana a abale kumudzi. Apa ndi pomwe otsatsa malonda a pa Instagram ndi TikTok amapezerapo mpata, ndi malonjezo oti m'miyezi itatu mukhala katswiri ndipo ntchito ikukudikirani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke dirham imodzi, funsani kuti akuphunzitsani chiyani chomwe mulibe m'zaulere zomwe nditchule apazi, ndipo pemphani kuona ntchito zomwe ophunzira awo akale adapanga.

Zophunzirira zinayi, motsatana

Choyamba ndi CS50, kosi yoyambira ya sayansi ya kompyuta ya ku Harvard yomwe amaphunzitsa David Malan. Ili pa intaneti yonse, mavidiyo ndi ntchito zake zomwe, kwaulere. Imayamba ndi Scratch, kenaka milungu ingapo ya chiyankhulo cha C, kenaka Python ndi SQL. Milungu ya C ndi yomwe ambiri amathawira, koma ndi yomwe ili ndi mnofu, chifukwa imakuonetsani momwe kompyuta imasungira zinthu m'memori mwake ndi chifukwa chomwe njira ina yosanjira manambala imathamanga kuposa inzake. Gemu yoyenda bwino imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti khodi yanu ili ndi mamilisekondi osakwana 17 kuti imalize zonse za chithunzi chimodzi. Wosadziwa zomwe zikuchitika m'kati mwa makina sangadziwe chomwe chikuchedwetsa gemu yake. Kuonera mavidiyo okha sikuwerengedwa. Chitani ntchito za mlungu uliwonse, ngakhale imodzi ikutengereni masiku asanu.

Chachiwiri ndi Git, chida chomwe Linus Torvalds adalemba mu 2005. Chimasunga mbiri ya kusintha kulikonse komwe mwachita pa khodi yanu, kotero mukaononga chinthu lero mutha kubwerera pomwe chinali bwino dzulo, ndipo anthu awiri atha kugwira ntchito imodzi osapondana. Pafupifupi kampani iliyonse yolemba mapulogalamu imayembekezera kuti wobwera kudzafuna ntchito akuchidziwa. Buku la Pro Git la Scott Chacon ndi Ben Straub limawerengedwa kwaulere pa intaneti, ndipo mitu itatu yoyambirira ikukwanirani poyamba. Maphunziro a ku MIT otchedwa The Missing Semester of Your CS Education amawonjezera zida zina zomwe masukulu ambiri amalumpha. Tsegulani akaunti ya GitHub tsiku loyamba, ndipo chilichonse chomwe mwalemba chizipita kumeneko.

Chachitatu ndi masamu. Ambiri amathawira ku magemu poganiza kuti athawa masamu, koma mpira ukagunda khoma n'kubwerera, kapena mdani akatembenukira komwe kuli wosewera, kumbuyo kwake kuli mavekitala ndi trigonometry yomweyo ya kusekondale. Khan Academy ikukumbutsani zomwe mudaiwala. Mavidiyo a Grant Sanderson a Essence of Linear Algebra pa 3Blue1Brown amaonetsa ndi zithunzi zomwe mavekitala ndi mamatrikisi amachita. Tsamba la Amit Patel la Red Blob Games limafotokoza momwe kanthu ka mu gemu kamapezera njira yachidule pakati pa zopinga, ndipo mumasuntha zinthu ndi dzanja lanu n'kumaona zotsatira.

Chachinayi, ndipo chibwere kumapeto, ndi injini ya magemu. Kwa woyamba ndimasankha Godot. Adaiyamba Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, adaitsegulira aliyense mu 2014, ndi yaulere, ndi yopepuka moti imayenda pa laputopu yakale ya amayi anu, ndipo chiyankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python. Malangizo ake enieni ali ndi phunziro lopanga gemu yoyamba kuchokera poyambira mpaka pomaliza. Unity, yomwe imagwiritsa ntchito C#, ikadali yofala m'masitudiyo a magemu a pafoni ndipo ili ndi maphunziro aulere pa Unity Learn. Unreal ya Epic Games imagwiritsa ntchito C++ ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Koma kumbukirani zomwe zidachitika mu Seputembala 2023, pomwe Unity idalengeza kuti opanga magemu azilipira malinga ndi kuchuluka kwa anthu omwe aika gemu yawo. Opanga magemu adakwiya kwambiri, ena adasamukira ku Godot, ndipo patatha chaka kampaniyo idathetsa ganizolo. Amene ankangodziwa mabatani a injini imodzi adagona tulo tochepa miyezi imeneyo. Amene ankadziwa maziko adangosamuka. Khodi yanu ikayamba kupiringizika, werengani Game Programming Patterns ya Robert Nystrom, yomwenso mlembi wake adaiika pa intaneti kwaulere.

Mndandandawu ndaufupikitsa dala. Pali zina zabwino zambiri, monga freeCodeCamp ndi Nand2Tetris, ndipo mudzazipeza nthawi yake ikakwana. Matenda a ophunzira a masiku ano ndi kudumphadumpha: lero Unity, mawa Unreal, mkuja vidiyo yatsopano yati zonsezo zatha ntchito. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chifukwa chiyani bawo

Wachinyamata aliyense amafuna kuyamba ndi gemu yonga Fortnite kapena FIFA. Magemu amenewo amapangidwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka. Ngakhale Stardew Valley, yomwe Eric Barone adapanga yekha n'kuitulutsa mu 2016, idamutengera zaka zoposa zinayi. Gemu yanu yoyamba iyenera kukhala yoti mutha kuimaliza m'miyezi iwiri kapena itatu, koma ikhale yolimba mokwanira kukuphunzitsani ntchito yeniyeni. Bawo ikukwana ndendende pamenepo.

Pongoiona ndi yophweka. Mizere inayi, mabowo asanu ndi atatu pa mzere uliwonse, onse pamodzi 32, ndi nkhomo 64. M'khodi, thabwa lonse ndi mndandanda wa manambala 32. Kulijambula pa sikirini ndi ntchito ya masiku awiri, ndipo simufunika katswiri wojambula kapena woimba. Zovuta zimayamba nkhomo zikayamba kuyenda.

Pa bawo, ukagawa nkhomo bowo ndi bowo, yomaliza ikagwera m'bowo momwe muli zina, ulendo sunathe. Mwina udya za mnzako, mwina utola zonse n'kupitiriza kugawa. Poyamba ulendo sudziwa kuti uthera pati. Mu 2006 akatswiri atatu, Tom Kronenburg, Jeroen Donkers ndi Alex de Voogt, adaonetsa kuti pa bao ya ku Zanzibar, yomwe ndi mbale wake wa bawo yathu, pali maulendo ena omwe satha konse, nkhomo zimangozungulira mpaka kalekale. Pansi pa mtengo wa mango, akuluakulu akatopa amagwirizana chochita. Foni siitopa. Imangouma, n'kutentha, batire n'kutha. Mudzayenera kupeza njira yoti pulogalamu izindikire kuti yabwerera pomwe idadutsa kale, ndipo mudzayenera kugamula chomwe chichitike zikatero. Vuto lomwelo, la ntchito yomwe ikukana kutha, limagwetsa mapulogalamu a mabanki ndi a ndege.

Chachiwiri, malamulo a bawo simudzawapeza onse pamalo amodzi olembedwa bwino, ndipo omwe mupeze pa intaneti ambiri ndi a ku Zanzibar ndi Tanzania. Kaseweredwe ka ku Mangochi katha kusiyana pang'ono ndi ka ku Nkhotakota kapena ka pamsika wa ku Zomba. Mudzafunika kuimbira agogo kapena amalume pa Botim, kapena kutumizirana nawo mawu pa WhatsApp, n'kuwafunsa: nkhomo zimayalidwa bwanji poyamba? Kudya n'kokakamiza kapena munthu atha kusankha? Masewera amatha pati? Adzakuyankhani mwachidule chifukwa kwa iwo n'zodziwikiratu, ndipo mukakhala pansi kulemba khodi mudzapeza kuti yankholo lili ndi mabowo ake. Mudzaimbanso. Ntchito yaikulu ya injiniya wa mapulogalamu ndi imeneyi: kumvetsa zomwe munthu wodziwa ntchito yake akufuna, pomwe iye sadziwa kuzifotokoza m'njira yomwe kompyuta ingamve. Palibe vidiyo ya pa YouTube yomwe ingakuchitireni zimenezi. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, nthawi iliyonse agogo akakuuzani kuti "nkhomo zikakhala chonchi, ukayambira apa zimathera apa," lembani zimenezo ngati yeso lomwe kompyuta izidziyesa yokha. Mukakhala ndi mayeso makumi atatu otere, mutha kusintha khodi yanu mopanda mantha, chifukwa mukaphwanya lamulo lina mayeso akuuzani nthawi yomweyo. Ophunzira ambiri amamaliza digiri asanalembepo yeso ngakhale limodzi pa ntchito yawoyawo, ndipo amakaphunzira ndi misozi pantchito yoyamba.

Chachinayi, pangani kuti munthu azitha kusewera ndi kompyuta. Njira yake yoyambira ndi minimax, yomwe Claude Shannon adaifotokoza mu 1950 polemba za momwe makina angasewerere chess: kompyuta imayesa ulendo uliwonse womwe ingayende, kenaka yankho lililonse la mdani, n'kusankha njira yomwe ngakhale mdani atasewera bwino kwambiri iyo siluza zambiri. Mudzaona msanga kuti njira zimachuluka mochititsa mantha. Awari ya ku West Africa ili ndi mabowo 12 ndi njere 48 zokha, koma John Romein ndi Henri Bal a ku Vrije Universiteit ku Amsterdam ataiwerengera yonse mu 2002 adadutsa m'makhalidwe a thabwa oposa 889 biliyoni, n'kupeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa palibe wopambana. Bawo ndi yaikulu kuposa pamenepo. Mudzaphunzira kudula nthambi zopanda phindu ndi kugamula kuti kompyuta iganize patali bwanji munthu asanatope kudikira.

Yesani pa foni ya msuweni wanu

Kuno intaneti siithima, magetsi sathima, ndipo ambiri muli ndi mafoni amphamvu. Zimenezi zimabisa zolakwika. Tumizani gemu yanu kwa msuweni wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene ali ndi itel kapena Tecno yotsika mtengo, amene amawerengera bandulo, ndipo magetsi a ESCOM amamuthimira osatsanzika. Akuuzani zoona: ndi yaikulu kwambiri sangaitsitse, ikufuna intaneti popanda chifukwa, foni ikazima masewera onse atayika. Kukonza zitatuzi kukuphunzitsani kuchepetsa kukula kwa pulogalamu, kuipanga kuti iziyenda popanda netiweki, ndi kusunga bwino pomwe munthu adalekezera. Amene waphunzira kupangira foni yofooka savutika kupangira yamphamvu.

Ndipo gemuyo ilankhule Chichewa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu Chichewa chimakuvutani kulemba, ndipo mumachita manyazi mukalakwitsa pamaso pa akuluakulu. Mawu a mu gemu ya bawo sangapitirire makumi asanu, ndipo amayi anu adzasangalala kukuwongolerani. Phindu lake pa luso lanu n'lalikulu. Chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina la Malaŵi, chidzakuonetsani ngati mwamvetsa Unicode ndiponso ngati zilembo zomwe mwasankha zili nacho, apo ayi pa sikirini padzatuluka kabokosi. Kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi Mang'anja kamaphwanya khodi yolembedwa mosasamala, makamaka potumiza mawu ku database, ndipo khomo lomwelo ndi lomwe akuba a pa intaneti amalowera nalo. Kenaka pali kuwerenga. Chingerezi chimangowonjezera s, koma ife timati nkhomo imodzi, nkhomo ziwiri. Bowo limodzi, mabowo awiri. Wosewera mmodzi, osewera awiri. Khodi yomata nambala ndi dzina mwachisawawa imatulutsa Chichewa chomwe agogo angaseke nacho mpaka kugwa pampando. Mukathana ndi zimenezi mwamvetsa ntchito yosinthira pulogalamu m'ziyankhulo zina, ndipo mukukhala m'dera lomwe Chiarabu, cholembedwa kuchokera kumanja ndipo chili ndi njira zakezake zowerengera zinthu, chimafuna luso lomwelo tsiku ndi tsiku.

Mukafufuza mupeza kuti ena adapangapo kale bao ya pafoni. Zimenezo zisakugwetseni mphwayi. Masitudiyo a mu Africa omwe adamveka adayambira pa zakwawo. Eyram Tawia wa ku Ghana ndi Wesley Kirinya wa ku Kenya adayambitsa Leti Arts mu 2009. Hugo Obi adayambitsa Maliyo Games ku Lagos mu 2012. Kiro'o Games ya Olivier Madiba ku Cameroon idatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016. Wofunsa mafunso a ntchito waonapo magemu a Tetris ndi Snake mazana, onse okopera pa vidiyo imodzi. Bawo sanaionepo, ndipo adzafuna kuti mumufotokozere. Pamenepo inu ndinu mphunzitsi m'chipindamo. Atsikana, izi zikukukhudzani mofanana. Ngati bawo mudaiona ngati masewera a abambo, itengeni dala, kapena tengani phada, yomwe ikuphunzitsani za nthawi ndi kuyenda kwa mwala m'mwamba. mHub ya ku Lilongwe, malo oyamba otere a zaukadaulo m'Malawi, adaiyambitsa ndi mayi, Rachel Sibande, mu 2013.

Zomwe otsutsa anganene

Wina anena kuti ntchito za magemu n'zosadalirika. Akunena zoona. Mu Januwale 2024 mokha, Microsoft idachotsa anthu 1,900 m'gawo lake la magemu, ndipo Unity idalengeza kuti ichotsa pafupifupi 1,800. Ntchito 30,000 za mu ndondomeko ya Dubai ndi cholinga cha boma, palibe amene wakulonjezani imodzi mwa izo, ndipo mudzapikisana ndi achinyamata a ku India, Egypt, Pakistan ndi Philippines omwenso adakulira kuno. N'chifukwa chake ndaika CS50, Git ndi mayeso patsogolo, injini kumapeto. Amene wapanga bawo m'njira yomwe ndafotokozayi atha kulemba mapulogalamu a banki, a kampani yonyamula katundu ku Jebel Ali, kapena a chipatala, monga momwe a Baobab Health adachitira ku Lilongwe popanga makina olembera odwala pongokhudza sikirini. Gemu ndi bwalo lophunzirirapo. Ikadzasanduka ntchito yanu, zikomo; ikapanda kutero, simunataye kanthu.

Wina anena kuti kuyambira pomwe ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022, makina akulemba okha khodi, ndiye kuvutikiranji. Zidazi timazigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo zimafulumizitsa munthu wodziwa kale chomwe akufuna. Koma yesani kuziuza kuti zikulembereni bawo ya ku Mangochi. Zikupatsani khodi yooneka bwino, yosakaniza malamulo a masewera angapo, ndipo zilankhula motsimikiza. Amene angagwire bodzalo ndi yekhayo amene akudziwa bawo komanso akudziwa kuwerenga khodi. Makampani akuchepetsa kulemba anthu ongotayipa zomwe auzidwa. Akufunabe anthu otha kuona kuti apa makina anama. N'chifukwa chake ngakhale CS50 imaletsa ophunzira ake kugwiritsa ntchito zida zotere pa ntchito za kosi, kupatula chawo chomwe adachipanga kuti chizikutsogolerani osakupatsani yankho. Pophunzira, lembani nokha kaye, kenaka funsani makina kuti akufotokozereni pomwe simukumva.

Otsutsa achitatu ali m'nyumba mwanu momwe. Makolo anu adasiya kwawo, ena akugwira ntchito maola ataliatali, kuti inu mudzakhale dokotala, loya kapena akauntanti. Akaona mwana ali pa kompyuta mpaka usiku akunena za magemu, mtima umawawa. Musakangane nawo, ndipo musawanyoze kuti sadziwa za masiku ano, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Aonetseni. William Kamkwamba adasiya sukulu chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala, adakapeza buku la Using Energy m'kalaibulale ka ku Wimbe ku Kasungu, ndipo mu 2002 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Anthu adasiya kumuseka tsiku lomwe babu lidayaka. Bambo amene wagonja kwa kompyuta pa bawo yomwe mwana wake walemba sadzafunsanso ngati mwanayo akuphunzira. Adzangofuna kubwereza. Nanunso makolo amene mukuwerenga mothandiza ana anu, funso lothandiza si lakuti "wakhala maola angati pa kompyuta," koma "tandionetsa chomwe wapanga mlungu uno."

Holide ikubwerayi

Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, sukulu n'zotseka, ndipo amene sanapite kumudzi amakhala m'nyumba milungu isanu ndi itatu. Imeneyo ndi nthawi yanu. Ngati simunachitepo CS50, holide yonseyo ipite kumeneko, bawo idzabwere pa holide ya Disembala. Ngati maziko muli nawo, milungu iwiri yoyamba funsani malamulo ndi kuwalemba m'khodi popanda chithunzi chilichonse, manambala okha ndi mayeso. Milungu iwiri yotsatira ikani thabwa mu Godot kuti anthu awiri azisewera pa foni imodzi. Kenaka mdani wa kompyuta, kenaka Chichewa ndi foni ya msuweni. Mlungu womaliza ikani gemuyo pa itch.io, komwe kuika n'kwaulere, ndipo lembani tsamba limodzi pa GitHub lofotokoza zomwe zikuyenda ndi zomwe zikadavuta.

Musagwire nokha ngati pali mnzanu. Mutu umodzi susenza denga. Mwina muli ndi mbale amene akuphunzira zakompyuta ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuni. Iye ali pafupi ndi osewera enieni, inu muli ndi intaneti yosathima, ndipo kusiyana kwa nthawi ndi maola awiri okha. Mu Januwale lowani nawo Global Game Jam, yomwe yakhala ikuchitika kuyambira 2009, pomwe magulu amapanga gemu m'maola 48. Kumeneko mudzakumana ndi ojambula ndi oimba, ndipo mudzalowa muli ndi chinthu choonetsa m'manja.

Gemu ikatuluka, woyamba kuilandira akhale munthu uja adakuphunzitsani malamulo. Sipadzatha masiku awiri asanakutumizireni mawu akuti, "Mdzukulu wanga, apa mwalakwitsa, nkhomo siziyenda choncho." Musakhumudwe. Lembani zomwe anenazo ngati yeso latsopano, pezani pomwe khodi yapatuka, konzani, n'kuwatumiziranso. Ife amene timalipidwa pa ntchito imeneyi timachita zomwezo Lolemba lililonse.